Za Mabungwe Amene Analambula Njira ya Voti

Pa masiku a 20 ndi 21 January, 1964, anthu a dziko la Northern Rhodesia anaima m'mizere kuti asankhe owaimira ku Nyumba ya Malamulo. Aka kanali koyamba kuti munthu ali yense wa zaka 21, mwamuna kapena mkazi, wodziwa kulemba kapena wosadziwa, wacuma kapena mmphawi, aponye voti. Maina olembedwa m'mabuku a masankho anaposa 1,300,000. Zaka 7 zokha m'mbuyo mwace, m'caka ca 1957, anthu akuda amene maina ao anali m'mabuku otere sanali kufika ngakhale 20.

Mbiri ya kusinthaku imakambidwa kawirikawiri monga mbiri ya zipani ndi atsogoleri ace, ndipo maina a Harry Nkumbula ndi Kenneth Kaunda sasowa m'menemo. Nkoyenera kutero, pakuti zipani ndizo zinatsiriza nkhondoyo. Koma zipani zinabadwa mocedwa. Zisanabadwe, kwa zaka zoposa 30, kunali timabungwe ta aphunzitsi, akalaliki, alaliki ndi eni masitolo ang'ono, timene sitinali kufuna ufumu kapena kuimika munthu pa masankho, koma kuti anthu akuda amvedwe pa zinthu zokhudza moyo ao. Dzina la mabungwewa linali la Cingerezi, Welfare Association, ndipo anthu anangowacha a Welofeya.

Kuti nchito yao imveke bwino, poyamba payenera kudziwika mmene lamulo la masankho linaliri. Dziko lino linalamulidwa ndi British South Africa Company kufikira pa 1 April, 1924, pamene boma la Mangalande linalitenga niliikira Bwanamkubwa, amene anakhala ku Livingstone. Caka comweco panakhazikitsidwa Nyumba ya Malamulo, ndipo m'caka ca 1926 Azungu anasankha anthu ao asanu kukakhala m'nyumbamo. Lamulo la masankho silinachule khungu la munthu. Linati wosankha akhale wa zaka 21, alandire mapaundi 200 pa caka kapena akhale m'nyumba ya mtengo wa mapaundi 250, ndipo athe kulemba yekha m'Cingerezi pepala lopempha voti. Munthu wa ku migodi, amene malipiro ace sanali kukwana mapaundi awiri pa mwezi, analephera pa khomo loyamba lomwelo.

Komatu msampha weniweni unali pena. Lamulo linasiyanitsa anthu a Mfumu ya Mangalande ndi anthu otetezedwa ndi Mfumuyo, ndipo voti inali ya anthu a Mfumu okha. Northern Rhodesia linali dziko lotetezedwa, cotero munthu wakuda wobadwira muno anali wotetezedwa cabe. Ngakhale akhale ndi maphunziro ndi ndarama zokwanira, sakadavota kufikira atapempha, ndi kulipira, kuti asandulike munthu wa Mfumu. Ambiri amene akadatha kutero anakana, ndipo sikunali kupusa ai. Iwo anaona kuti dzina lija lakuti otetezedwa ndilo linali cishango cao kwa Azungu okhala muno, amene anali kufuna kudzilamulira okha monga anzao a ku Southern Rhodesia anayamba kucitira m'caka ca 1923. Kutaya dzinalo cifukwa ca voti imodzi kunali ngati kugulitsa khola kuti ugule nkhuku.

Kusowa liu m'boma sikunali nkhani ya ulemu wokha. Anthu a ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata, anadziwa bwino mtengo wace. Dziko lalikulu la kumeneko linali m'manja mwa North Charterland Exploration Company, ndipo ca m'ma 1928 Angoni, Acewa ndi Ansenga ambiri anasamutsidwira m'malo opatulidwa, m'mene anapanikizana mpaka nthaka inaguga. Minda yambiri imene anaisiya inangomera thengo kudikira Azungu amene sanabwere, kufikira boma linagula malo a kampaniyo m'caka ca 1941. Malamulo a malo, a msonkho ndi a citupa anali kupangidwa m'nyumba imene munalibe ndi mmodzi yemwe wa anthu amene malamulowo anali kuwaluma.

Bungwe loyamba linabadwira kutali ndi mizinda, ku Mwenzo, m'dziko la Anamwanga, pafupi ndi malire a Tanganyika. Pamenepo panali mishoni ya Livingstonia, ndipo aphunzitsi ace ambiri anaphunzira ku sukulu yaikulu ya ku Khondowe m'Nyasaland. M'caka ca 1912 anthu a ku Karonga anayambitsa North Nyasa Native Association, ndipo mlembi wace anali Levi Mumba, yemwe uja anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress m'caka ca 1944. Caka comweco ca 1912 Donald Siwale, amene anadziwana ndi Mumba ku sukulu, pamodzi ndi Hezekiya Kawosa ndi David Kaunda, mphunzitsi ndi mlaliki wa ku Chinsali, anayambitsa Mwenzo Welfare Association. David Kaunda ameneyu ndiye atate wace wa Kenneth Kaunda, amene pa nthawiyo anali asanabadwe.

Bungweli silinakhalitse. Nkhondo ya 1914 inafika pakhomo penipeni, popeza Ajeremani anali tsidya la malire, ndipo misonkhano inaleka. Linadzukanso m'caka ca 1923, nilidandaula za kulemera kwa msonkho ndi za kunyozedwa kwa anthu akuda, koma patapita zaka zowerengeka linazilala. Munthu wofuna kuwerenga malamulo amene anasintha cifukwa ca bungwe la ku Mwenzo sadzatopa ndi kuwerengako. Cimene linasiya ndi kacitidwe ka zinthu, ndipo kacitidweko ndiko kanafalikira.

Kacitidweko kanali kotere. Bungwe linali ndi malamulo ace olembedwa. Linali ndi wapampando, mlembi ndi msungicuma, osankhidwa ndi anzao, ndipo wolephera nchito anali kutsitsidwa pa masankho otsatira. Munthu wofuna kulankhula anali kudikira kuti wapampando amlole. Nkhani ikakambidwa, mlembi anali kulemba cimene ambiri agwirizana, ndipo zolembazo zinali kutumizidwa kwa Bwana D.C. kuti azipereke kwa akulu a boma. Kukambirana milandu pabwalo sikunali kwacilendo kwa anthu a muno, pakuti mudzi uli wonse unali ndi bwalo lace kuyambira kale, ndipo mfumu yosamva mau a akulu inali kuona anthu ace akusamuka usiku. Cacilendo cinali cakuti anthu a mitundu yosiyana, osadziwana mbumba, asankhe mtsogoleri wosayang'ana kubadwa kwace, namupatsa mpando kwa nthawi yoikika. Anthu amene lamulo linati sanakhwime kuti avote anali kuvota ndithu m'zipinda za sukulu, madzulo ataweruka ku nchito.

Mphamvu yeniyeni ya mabungwewa inaoneka pamene anafika m'mizinda ya m'mbali mwa njanji. M'caka ca 1929 akalaliki awiri a boma ku Livingstone, Isaac Nyirenda ndi Edward Tembo, onse ocokera ku Nyasaland, anapempha cilolezo ca kuyambitsa bungwe. Iwo anafuna kuti lichedwe ndi dzina la dziko lonse la Northern Rhodesia, koma boma linakana dzinalo, nilibvomera kuti likhale la Livingstone yekha. Cotero m'caka ca 1930 Livingstone Native Welfare Association inayamba misonkhano. Zisanathe zaka zitatu, mabungwe otere anali atabuka ku Ndola, Broken Hill, Mazabuka, Choma, Lusaka, Luanshya, Abercorn, Kasama ndi Fort Jameson. Mwa atsogoleri oyamba ambiri anali a ku Nyasaland, cifukwa masukulu a kumeneko anayamba kale, ndipo maofesi a boma ndi a migodi anadzala ndi akalaliki Atonga ndi Atumbuka.

Zimene anali kupempha zingaoneke zazing'ono kwa munthu wa masiku ano. Anadandaula kuti munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa m'sitolo, koma anali kugulira pa kazenera ka kumbali, kumene anali kulandira nyama yokulungidwa kale imene sanaione. Anadandaula za kukankhidwa m'njira za m'mbali mwa mseu kuti Mzungu apite, za kumangidwa cifukwa ca citupa, za nyumba zopanikiza ndi madzi oipa a m'makomboni, za kucepa kwa masukulu, ndi za mkulu wa imvi kuitanidwa ngati kamnyamata. Makalata ao anali aulemu kwambiri, odzala ndi mau othokoza boma ndi olonjeza kumvera Mfumu, kotero kuti acinyamata a m'zaka za m'tsogolo anawaseka kuti anali kupempha atagwada. Koma kalata yaulemu nayonso imafuna yankho. Ndipo mayankho atacuruka akuti boma lamva koma silionapo cifukwa ca kusintha kanthu, anthu aja anayamba kufunsa funso lina, lakuti kodi opanga malamulowa anawaika ndani, ndipo amaopa yani. Mzungu wa m'Nyumba ya Malamulo anali kuopa alimi ndi anchito a njanji amene anamsankha. Wogula nyama pa kazenera panalibe womuopa.

Boma linali ndi yankho lace pa mabungwewa, ndipo linalibwereza zaka zambiri. Linati awa ndi akalaliki owerengeka amene anataya miyambo ya kwao, ndipo salankhulira munthu wina koma iwo okha. Liu la anthu ndi mafumu, amene lamulo la 1929 linawapatsa makhoti ndi mphamvu ya kuweruza m'maiko mwao. M'mau amenewa munali coonadi pang'ono. Mlimi wa kumudzi sanali kufika pa misonkhano ya a Welofeya, ndipo akazi, amene anali kusenza mabvuto a m'komboni koposa amuna, sanali kuoneka pa mipando ya mabungwewo. Ici cinali cirema cao cacikulu. Koma mfumu imene inali kulandira malipiro ku boma, imene boma likadatha kuicotsa, sikadatha kulankhula momasuka. Ndiponso mfumu ya ku Lundazi kapena ku Mporokoso sikadadziwa za mpope wouma wa m'komboni ya ku Ndola. Anthu zikwi zambiri anali atakhala kale m'mizinda, ndipo kumeneko kunalibe bwalo lina koma la a Welofeya.

M'caka ca 1933 atsogoleri a mabungwe angapo anasonkhana ku Kafue kuti apange bungwe limodzi la dziko lonse, lochedwa United African Welfare Association. Anafunanso kuti nthambi zace zifike kumidzi. Apa boma linaimika phazi. Linakana kuzindikira bungwelo, linaletsa mabungwe kugwira nchito m'maiko a mafumu, ndipo linakumbutsa akalaliki ace kuti wodya ndarama za boma sayenera kulowa m'ndale. Popeza atsogoleri ambiri anali anchito a boma, ena anasamutsidwa ndipo ena anangokhala cete kuti asunge nchito. Mabungwe ambiri anafooka kwa zaka pafupifupi khumi.

Cimene makalata analephera kuphunzitsa boma, migodi inaphunzitsa. M'mwezi wa May, 1935, msonkho wa anthu a m'mizinda utakwezedwa mwadzidzidzi, anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya anakana nchito, ndipo ku Luanshya apolisi anaombera anthu, nafa 6. M'caka ca 1940 zinacitikanso ku Nkana, ndipo akufa anali 17. Akulu a boma anaona kuti anatseka pakamwa pa anthu olemba makalata osatsegula njira yina yomvera madandaulo. Cotero anayamba kumanga makwerero a mabwalo. Pansi panali mabwalo olangiza a m'mizinda, amene anayamba ku migodi m'caka ca 1938, pamodzi ndi mabwalo a mafumu. Amenewa anali kutumiza anthu ku mabwalo a zigawo, amene anakhazikitsidwa m'zaka za 1943 ndi 1944. Pamwamba, kuyambira 1946, panali African Representative Council, bwalo la dziko lonse, limene wapampando wace anali Mzungu woyang'anira nkhani za anthu akuda. Mabwalo onsewa anali olangiza cabe; sanali kupanga lamulo kapena kugawa ndarama.

M'Nyumba ya Malamulo mwenimweni anthu akuda anali ndi wowalankhulira kuyambira 1938, koma anali Mzungu woikidwa ndi Bwanamkubwa, Stewart Gore-Browne wa ku Shiwa Ng'andu. Munthu ameneyu sanali waulesi kapena wacinyengo. Anali kuyenda m'mizinda ndi m'midzi kukamva maganizo a anthu, anali kusonkhana ndi a Welofeya, ndipo zambiri zimene ananena m'nyumbamo zinali zoona. Koma akale anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Anthu amene anali kuwalankhulira sanamsankhe, ndipo sakadatha kumcotsa tsiku limene maganizo ace akadasiyana ndi ao. Tsiku limenelo linadzafika.

Nkhani imene inadzutsanso mabungwe inali ya kuphatikiza Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia kuti likhale dziko limodzi. Azungu a muno anailimbikira kwambiri kuyambira 1930, pamene nduna ya ku London, Lord Passfield, inalemba kuti m'maiko otetezedwa zofuna za eni dziko ziyenera kukhala patsogolo. M'caka ca 1938 boma la Mangalande linatumiza akulu otsogozedwa ndi Lord Bledisloe kudzafunsa maganizo a anthu. Mafumu, aphunzitsi, anchito a ku migodi ndi atsogoleri a mabungwe anaonekera pamaso pao, ndipo pafupifupi onse anakana. Ambiri anali atagwirapo nchito ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Wankie, ndipo anadziwa za mapasi a kumeneko ndi za lamulo la 1930 limene linapatsa Azungu gawo lalikulu la nthaka yabwino. Lipoti la akuluwo, limene linaturuka m'caka ca 1939, silinabvomereze kuti maikowo aphatikizidwe msanga, ndipo cimodzi ca zifukwa zace cinali kukana kwa anthu akuda. Anthu opanda voti anaona kuti mau onenedwa ndi ambiri, mofanana, m'malo osiyanasiyana, angathe kuimitsa cinthu cimene Azungu ovota anali kucifuna.

M'caka ca 1942 Dauti Yamba, mphunzitsi wamkulu wa ku Luanshya, anadzutsa bungwe la kumeneko, ndipo mizinda yina inatsatira. Nthawi imeneyi a Welofeya anacenjera. Sanakane mabwalo a boma aja, koma analowamo, kotero kuti munthu mmodzi yemweyo anali kukhala mlembi wa bungwe Loweruka ndi phungu wa bwalo la cigawo Lolemba. Nkhani inali kuyamba yapsa m'bungwe isanafike pamaso pa Bwana D.C. Donald Siwale yemwe uja wa ku Mwenzo, atakula, anakhala nao m'African Representative Council. Ndipo m'mwezi wa May, 1946, nthumwi za mabungwe 14 zinasonkhana ku Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe, nizipanga Federation of African Societies, Yamba nakhala mtsogoleri wace. Cimene cinakanidwa ku Kafue cinacitika patapita zaka 13.

Caka ca 1948 cinasintha zonse. M'mwezi wa January Gore-Browne ananena m'Nyumba ya Malamulo kuti nthawi yafika yakuti dziko lino lidzilamulire, napereka maganizo ace a mmene zingakhalire. Iye anakhulupirira kuti m'maganizomo munali citetezo cokwanira ca anthu akuda. Koma kwa anthuwo kudzilamulira kwa dziko limene ovota ace anali Azungu okha kunatanthauza cinthu cimodzi, ndico ca ku Southern Rhodesia. Mabungwe ndi mabwalo anamdzudzula poyera, ndipo cikhulupiriro ca zaka khumi cinasweka. Caka comweco anthu akuda awiri oyamba analowa m'Nyumba ya Malamulo, mbusa Henry Kasokolo ndi Nelson Nalumango. Iwo anasankhidwa ndi African Representative Council, ndipo Bwanamkubwa anawaika. Munthu wamba analibe dzanja pa kusankhako koma kupyolera m'makwerero atatu aja. M'caka ca 1951 malo ao anatengedwa ndi Dauti Yamba ndi Paskale Sokota.

M'mwezi wa July, 1948, Federation of African Societies inasonkhana ku Lusaka nisandulika Congress, ndipo mtsogoleri wace woyamba anali Godwin Mbikusita Lewanika wa bungwe la ku Kitwe. Harry Nkumbula atatenga mpando m'caka ca 1951, Congress inakhala cipani ceniceni ca ndale, cokhala ndi makhadi, nthambi za kumidzi ndi misonkhano ya pabwalo. Mabungwe a Welofeya anamira m'menemo monga timitsinje timira m'Luangwa.

Zotsatira zace nzodziwika. Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinakhazikitsidwa m'caka ca 1953 anthu akuda akukana. Malamulo a Bwanamkubwa Arthur Benson analola otetezedwa kuvota m'masankho a 1959, koma anagawa osankha m'magulu awiri monga mwa cuma ndi maphunziro, ndipo anthu akuda amene analembetsa anangoposa 7,000. Cipani ca Kaunda, Zambia African National Congress, cinauza anthu kuti asavote, ndipo cinaletsedwa masankho asanacitike. Masankho a October, 1962, anali ndi mipando 15 ya osankha apamwamba, 15 ya osankha apansi ndi 15 ya onse pamodzi, ndi masamu obvuta kotero kuti mipando yina inatsala yopanda munthu. UNIP ndi ANC zinagwirizana nizipanga boma m'mwezi wa December. Citaganya cinatha pa 31 December, 1963, ndipo patapita masabata atatu kunadza masankho aja a munthu ali yense, m'mene UNIP inapata mipando 55 mwa 65 ya osankha onse. Mwa osankhidwa munali akazi atatu. Pa 24 October, 1964, dziko linakhala Zambia.

Nkosakayikitsa kuti makalata aulemu okha sakadabweretsa tsiku limenelo, panafunika cipani. Koma pamene mabungwe anamira m'cipani panatayika kanthu. M'bungwe la Welofeya anthu osiyana maganizo anali kukhala pa benci limodzi, pakuti panalibe mpando wa boma wolimbirana. Zipani zitakhala ziwiri, acinyamata a mbali iyi ndi iyo anayamba kumenyana m'makomboni ndi kufunsa anthu makhadi pa misika. Ndipo m'mwezi wa December, 1972, Zambia inakhala dziko la cipani cimodzi. Voti inatsala, ndipo aphungu ndi nduna zomwe anali kugwa pa masankho, koma pa mpando wa Pulezidenti panali dzina limodzi lokha, wosankha nangoti inde kapena iai. Pa masankho ena cizindikilo ca iai cinali cule. Mabungwe a amai ndi a acinyamata anakhala nthambi za cipani, ndipo amene anatsala ndi liu laolao anali mipingo, mabungwe a anchito, maloya ndi ophunzira a pa yunivesite.

Amenewa ndiwo anatola nchito ya a Welofeya pamene inafunikanso. M'mwezi wa December, 1990, lamulo loletsa zipani zina linafafanizidwa, koma pofika pakati pa 1991 UNIP ndi cipani catsopano ca MMD zinakangana koopsya pa za malamulo atsopano oyendetsera dziko, ndipo MMD inati sidzalowa m'masankho. M'mwezi wa July akulu a mipingo anaitana Kaunda ndi Frederick Chiluba ku kacisi wa Anglican wa Holy Cross ku Lusaka, ndipo kumeneko mbali ziwirizo zinapeza pogwirizana. Pambuyo pace mipingo, bungwe la maloya, la amai, la atolankhani ndi la ophunzira anapanga Zambia Elections Monitoring Coordinating Committee, imene inaphunzitsa anthu zikwi zingapo nchito ya kupenyerera masankho. Lamulo lao loyamba linali lakuti wopenyerera asabvale cizindikilo ca cipani kapena kuuza munthu woti amsankhe. Anayenda m'mipingo kufotokozera anthu kuti voti ndi yacinsinsi, ndi kuti mfumu, kapitao kapena wapampando wa cipani sangadziwe pamene munthu waconga.

Nchito yao yobvuta inali ya usiku. Caka cimeneco mavoti sanali kuwerengedwa pamalo povotera, koma mabokosi anali kunyamulidwa kupita ku malo amodzi a cigawo, ndipo anthu anaopa kuti angasinthidwe pa njira. Cotero pa 31 October, 1991, masankho atatsekedwa, openyererawo anakwera pa malole pamodzi ndi mabokosi, nakhala maso kufikira kuwerenga kutatha. Kunalinso alendo openyerera, ndipo mmodzi wa iwo anali Jimmy Carter, amene kale anali Pulezidenti wa Amereka. Koma alendo anali owerengeka, ndipo sakadafika ku malo onse. MMD inapata mipando 125 mwa 150. Kaunda anabvomera kuti wagonja, ndipo Chiluba analumbira pa 2 November. Caka cotsatira bungwe lija linasandulika Foundation for Democratic Process, kuti nchitoyo isathere pa masankho amodzi.

Patapita zaka khumi anthu amodzimodziwo anaimirira kutsutsa munthu amene masankho aja anamkweza. Malamulo anati Pulezidenti alamulire kawiri kokha, koma otsatira a Chiluba anayamba kunena kuti malamulowo asinthidwe kuti aimenso kacitatu. M'mwezi wa February, 2001, bungwe la maloya, mabungwe atatu a mipingo ndi bungwe logwirizanitsa mabungwe a amai anasonkhana ku Lusaka pa nyumba yodyera yochedwa Oasis, ndipo cigwirizano cao cinatenga dzina la nyumbayo, Oasis Forum. Sanaimike munthu wao kapena kuchula woyenera kulowa m'malo. Anapempha anthu kubvala kansaru kobiriwira pa cifuwa ndi kuliza malipenga a magalimoto Lacisanu liri lonse madzulo, ndipo anacititsa misonkhano m'zigawo. M'cipani ca MMD momwemo nduna zambiri, pamodzi ndi waciwiri wa Pulezidenti, Christon Tembo, zinakana maganizowo nizicotsedwa. M'mwezi wa May Chiluba analankhula pa wailesi kuti sadzaimanso. Masankho anacitika pa 27 December, 2001, ndipo dzina lace silinali pa pepala.